KAMERA ZACHEPA THUPI, KOMA LENZI SILOWA PALIPONSE

Ojambula zithunzi a ku Moatize ndi ku Zóbuè ayambe afunsa asanapereke ndalama

Wolemba mtolankhani wathu ku Moatize

MOATIZE — Mabasi ochokera ku Johannesburg opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe amalowa m'dziko muno pa Cuchamano, nawoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, kenaka amadutsa pa Moatize mpaka kukaima pa chipata cha Zóbuè. Mwa katundu wochuluka amene amayenda m'mabasi amenewa, pamodzi ndi mabulangete, mapoto ndi mafoni, masiku ano mukupezekanso makina ojambulira zithunzi a mtundu watsopano, ang'ono-ang'ono moti ena amalowa m'thumba la jekete. Pa Chipwitikizi amawatcha sem espelho, ndiye kuti kamera zopanda kalilole.

Nkhani imene tikufuna kukamba lero, abale ndi alongo, ndi ya ndalama zopezedwa ndi thukuta. Tinene kuti mnyamata waumba njerwa chilimwe chonse, kapena wagulitsa mbatata ya kachewere pa msika wa Zóbuè zaka ziwiri, ndipo watumiza ndalamazo kwa achimwene ake ku Joni kuti amugulire kamera ayambe ntchito yojambula. Achimwenewo, pofuna kuti ndalama ikwanire, agula thupi la kamera pamalo ena, lenzi pamalo ena, poona kuti zonse ziwiri zalembedwa dzina la kampani imodzi. Katundu wafika kumudzi, koma lenzi ija ikukana kulowa. Wogulitsa ali kutsidya kwa malire awiri, woti n'kumubwezera palibe. Ukwati umene mnyamatayo anapangana kuti akajambule Loweruka ujambulidwa ndi foni ya ankhoswe.

Bvuto limeneli lingapeweke ngati wogula adziwa zinthu zochepa chabe, ndipo n'zimene tifotokoze pano.

KALILOLE UJA ANALI WANTCHITO YANJI

Akulu-akulu akukumbukira wojambula wa pa njinga, uja ankayenda mudzi ndi mudzi kamera yakuda ili pachifuwa. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo ikatha ankapita nayo kutauni kukatsukitsa, anthu n'kumadikira milungu ingapo asanaone nkhope zawo. Kamera zambiri za nthawi imeneyo zinali ndi kalilole m'mimba mwake. Kuwala kukalowa pa lenzi kunkagunda kaliloleyo, amene anakhala mopendekeka, n'kukwera m'mwamba kupyola pa galasi lina la ngodya zisanu mpaka kufika pa diso la wojambula. Motero munthu ankaona ndendende chimene lenzi ikuona. Akadina batani, kalilole ankanyamuka msanga kuti kuwala kufike pa filimu, kenaka n'kugweranso pamalo pake. Mbali yaikulu ya phokoso lija loti "khatcha!", limene ana ankaliyembekezera, inali ya kalilole ameneyu.

Filimu itayamba kutha ntchito, m'malo mwake munalowa kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamagwira kuwala n'kukusandutsa chithunzi chosungidwa pa kadi. Koma kalilole anakhalabe, ndipo kalilole amafuna chipinda chake chonyamukiramo. Ichi ndicho chifukwa chake kamera zija za Canon ndi Nikon zimene timaziona pa misonkhano ya boma ndi zonenepa.

M'chaka cha 2008 makampani awiri a ku Japan, Panasonic ndi Olympus, anagwirizana zochotsa kaliloleyo. Anaganiza kuti popeza sensa ingathe kuona nthawi zonse n'kumaonetsa chithunzi pa kagalasi ka kumbuyo, monga imachitira foni, kalilole alibenso ntchito. Kamera yoyamba ya mtundu umenewu inali Panasonic Lumix G1, ya chaka chomwecho, ndipo Olympus inatsatira mu 2009 ndi PEN E-P1. Sony ndi Samsung analowa mu 2010, Nikon mu 2011, Fujifilm ndi Canon mu 2012. Lero nkhondo inatha: kamera zomaliza za kalilole za Canon ndi Nikon zinatuluka mu 2020, ndipo mphamvu zawo zonse anaziika pa zopanda kalilole.

MTUNDA UMENE SUONEKA NDI MASO

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tichedwepo pang'ono.

Lenzi iliyonse inapangidwa kuti iziima pa mtunda wake-wake kuchokera pa sensa. Ikaima patali kuposa pamene inayenera, mumangoona bwino zinthu zapafupi, zakutali zonse zili mbuu ngakhale mutazunguliza bwanji. Mtunda umenewu umayezedwa kuchokera pa sensa kufika pakamwa pa kamera, pamene lenzi imalumira. Pakamwa pamenepa a Chipwitikizi amati baioneta, ndipo ogulitsa a ku Joni ndi a ku Blantyre amati mount. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene muziwafunsa.

Pa kamera za kalilole mtundawu ndi wautali, popeza kalilole ali pakati. Pa Canon EF ndi mamilimita 44, pa Nikon F ndi 46 ndi theka, pa Pentax K ndi pafupifupi 45 ndi theka. Pa zopanda kalilole ndi waufupi kwambiri: Sony E ndi 18, Fujifilm X ndi pafupifupi 18, Olympus ndi Panasonic za Micro Four Thirds ndi 19 ndi pang'ono, Canon RF ndi 20, pamene Nikon Z ndi 16 basi.

Tsopano werengani nokha. Lenzi ya Canon EF imafuna mamilimita 44, koma thupi la Sony E likupereka 18. Akuperewera 26. Amisiri anapanga mphete yachitsulo yokhuthala mamilimita 26 yoika pakati, imene imatchedwa adaputa, ndipo lenzi ija imaima pamalo pake n'kugwira ntchito. Koma tembenuzani nkhaniyo. Lenzi ya Sony E imafuna 18, ndipo thupi la Canon la kalilole lili ndi 44. Kuti lenziyo igwire ntchito iyenera kulowa m'mimba mwa kamera, momwe mukunyamukira kalilole. Mphete yochita zimenezo kulibe ndipo sidzakhalako. Choncho lenzi ya kamera yakale ingathe kupita pa thupi lopanda kalilole, koma lenzi ya kamera yopanda kalilole singabwerere pa thupi lakale. Munthu akakuuzani kuti ali ndi msuweni wake ku Limbe amene amadziwa kuzisula, dziwani kuti akufuna ndalama zanu.

Ndiponso adaputa zili mitundu iwiri. Ilipo yachitsulo chokha-chokha, yotsika mtengo, imene ilibe waya ngakhale mmodzi. Imeneyi imakwanira pa malenzi akale amene zonse mumazunguliza ndi dzanja. Koma lenzi ya Canon EF imalandira malamulo kuchokera ku thupi la kamera kudzera pa timadontho tamkuwa tili kumbuyo kwake. Mukaiika pa mphete yopanda magetsi, siipeza yokha fokasi ndipo chiboo cholowera kuwala simungachichepetse. Imafunika adaputa ya timadontho, imene ndi yokwererapo mtengo. Canon ili ndi yake yopititsa malenzi a EF ndi EF-S pa thupi la RF, ndipo imagwira bwino. Nikon ili ndi yotchedwa FTZ, koma pamenepa chenjerani: malenzi olembedwa AF-S ndi AF-P amapeza okha fokasi, pamene akale olembedwa AF kapena AF-D amalowa ndithu koma fokasi muzipeza ndi dzanja.

DZINA LIMODZI SI NYUMBA IMODZI

Kuno kwathu tikudziwa kuti a Banda a ku Zóbuè ndi a Banda a ku Dedza ali ndi mfunda umodzi, koma kiyi wa nyumba ya ena satsegula chitseko cha enawo. N'chimodzi-modzi ndi makamera. Mbale wanu akaimba foni kunena kuti wakugulirani Canon, sanakuuzeni kanthu. Canon ili ndi EF, imene inayamba mu 1987, ili ndi EF-M ya kamera zazing'ono zotchedwa EOS M, ndipo ili ndi RF imene inayamba mu 2018. Lenzi ya EF-M silowa pa thupi la RF, ndipo ya RF silowa pa thupi la EF-M, ngakhale zonse ziwiri ndi zopanda kalilole ndipo zonse ndi za Canon. Mitunda yake ikusiyana ndi mamilimita awiri okha, malo oika mphete palibe. Malenzi akale kwambiri a Canon, olembedwa FD, ndi fuko linanso.

Nikon ili ndi F, imene yakhalapo kuyambira 1959, ili ndi Z ya 2018, komanso inali ndi timakamera tating'ono totchedwa Nikon 1. Sony ili ndi A, imene inaitenga kwa Minolta, ndi E. Zambiri mwa zilembo zimenezi zimalembedwa pa lenzi penipeni, pafupi ndi manambala. Musanatumize ndalama, uzani wokugulirani kuti ajambule ndi foni kutsogolo kwa lenzi ndi pansi pa thupi la kamera, akutumizireni pa WhatsApp muwerenge nokha. Koposa apo, amangirire lenziyo pa thupi ali m'sitolo momwemo, ajambule chithunzi chimodzi, akutumizireni chimenecho.

Pali banja limodzi limene limagwirizana ngakhale maina ndi osiyana. Malenzi a Micro Four Thirds a Olympus amalowa pa thupi la Panasonic la banja lomwelo, ndipo a Panasonic amalowa pa Olympus. Kampani ya Olympus inagulitsa mbali yake ya makamera, ndipo kuyambira 2021 ntchitoyo ili m'manja mwa kampani yotchedwa OM Digital Solutions, koma pakamwa pake sipanasinthe. Onetsetsani kokha kuti Panasonic yakeyo ndi ya chilembo cha G, popeza ilinso ndi zina zazikulu za chilembo cha S zimene zili ndi pakamwa pena.

Ndiye palinso mafuko amene anatha. Samsung inasiya kupanga kamera zake za NX, Nikon 1 inathetsedwa mu 2018, ndipo Canon inasiya EOS M mu 2023. Kamera zimenezi n'zimene zimapezeka motchipa m'masitolo ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mtengo wake umakopa. Ine sindikunena kuti n'zoipa. Canon M50, mwa chitsanzo, imajambula zithunzi zokongola lero monga inkachitira pamene inatuluka mu 2018, ndipo ndi adaputa yake imalandira malenzi a EF. Koma wogula adziwe kuti akumanga pa malo amene eni ake anasamukapo. Malenzi atsopano a mafuko amenewa sakupangidwanso ndi eni ake, ndipo tsiku limene adzafune thupi latsopano adzayamba kugula zonse kuchokera pachiyambi. Samsung NX ndi Nikon 1 muzigule pokha-pokha ngati zabwera ndi lenzi yake, batire ndi chaja, ndipo mtengo wake uli woti zikafa simulira.

ZA M'SUTIKESI YA AGOGO

Moatize ili ndi mwayi umene madera ena alibe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'zaka za m'ma 1980, pamene migodi ya pansi ya ku Chipanga inali m'manja mwa kampani ya boma ya Carbomoc, kuno kunkakhala akatswiri ochokera ku Germany ya Kum'mawa. Kuyambira 1979 achinyamata ambiri a dziko lino anapitanso kukagwira ntchito ku dziko limenelo, ndipo ambiri anabwerera mu 1990. Kamera za mayiko a kum'mawa amenewo zinali Praktica, yopangidwa ku Dresden, ndi Zenit ya ku Soviet Union. Ngati m'nyumba mwanu muli kamera yotere imene inasiya kugwira ntchito kalekale, musaipereke kwa ana kuti aziseweretsa musanaone lenzi yake.

Zambiri mwa kamera zimenezi lenzi yake imachoka pozunguliza monga chibvundikiro cha botolo. Mazinga amenewo amatchedwa M42, ndipo adaputa yake ndi mphete wamba yopanda magetsi, yotchipa kuposa zonse, imene ilipo ya pafupifupi kamera iliyonse yopanda kalilole. Zenit zambiri zinkabwera ndi lenzi yolembedwa Helios-44, ya mamilimita 58, imene ojambula a ku Ulaya amaifunabe mpaka lero kaamba ka mmene imaonetsera nkhope bwino-bwino, za kumbuyo zonse zitasungunuka. Malenzi a Pentax, Yashica ndi Minolta za filimu nawonso ali ndi mphete zawo. Fokasi mumaipeza ndi dzanja, koma kamera zambiri zopanda kalilole zimakuthandizani: zimajambula mizere yofiira kapena yachikasu m'mphepete mwa chinthu chimene chagwira bwino. Pa chithunzi cha munthu amene wakhala phee, monga cha tipo passe chofunika polembetsa sukulu kapena pofunsira ntchito, lenzi ya agogo ndi yokwanira. Pa mpira kapena pa gule, pamene anthu sakhala malo amodzi, idzakuliritsani.

Musanaigulire mphete, iunikeni ndi tochi. Mukaona m'kati mwa galasi muli timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi. A ku Zóbuè ndi kumapiri, kumene chinyezi chimachuluka nthawi ya dzinja, asamasunge malenzi pansi pa sutikesi pamodzi ndi zobvala.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ambiri. Masensa si ofanana kukula. Yaikulu ndi yolingana ndi filimu yakale, mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Yapakati, yotchedwa APS-C, imene ili m'kamera zambiri zotsika mtengo, ndi pafupifupi 23 ndi theka kwa 15 ndi theka. Ya Micro Four Thirds ndi pafupifupi 17 kwa 13. Sensa yaing'ono imangotenga pakati pa chimene lenzi ikuona, za m'mphepete n'kutsala. Motero lenzi ya 50 ikaikidwa pa APS-C imaona ngati ya 75 kapena 80, ndipo pa Olympus imaona ngati ya 100. Pa nkhope ya munthu mmodzi zimenezi n'zabwino. Koma yesani kujambula akwati, ankhoswe, makolo a mbali zonse ndi kwaya m'katchalitchi kakang'ono: mudzabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, theka la anthu lisanalowe. Pa ntchito yotere ndi bwino kalenzi kamene kamabwera ndi kamera, kolembedwa 16-50, 18-45 kapena 14-42. Ambiri amakanyoza, koma ndi kamene kamadyetsa banja.

KUCHEPA KULI NDI MTENGO WAKE

Za kupepuka n'zoona, koma ogulitsa amazikokomeza. Sony a6000, ya 2014, imene ndi imodzi mwa zofala kwambiri pa msika wa zakale, imalemera magalamu 344 ili ndi batire. Canon 5D Mark III, ya kalilole, imafika pafupifupi magalamu 950. Kwa munthu wopalasa njinga kuchokera ku Kambulatsitsi kupita kumidzi ya kutali, kusiyana kumeneko khosi limakumva. Koma Nikon D3500, imene ili ndi kalilole, imalemera magalamu 415 okha. Ndiponso mukamangirira adaputa ndi lenzi yaikulu ya kale pa kathupi kakang'ono, kupepuka kuja kwapita, ndipo kamera imagwera kutsogolo monga mwana wobereka mbuzi.

Bvuto lalikulu kwa ife ndi batire. Kamera yopanda kalilole sensa yake ndi kagalasi kake zimayaka nthawi yonse imene mukuyang'anamo, choncho imadya moto. Malinga ndi muyeso wa makampani eni ake, Sony a6000 imajambula zithunzi pafupifupi 360 pa batire imodzi, pamene Nikon D3500 imafika 1550. Ukwati wa kumudzi umayamba m'mawa kutchalitchi n'kutha usiku pa perekani-perekani, ndipo magetsi mwina kulibe. Ine uphungu wanga ndi wakuti batire yachiwiri igulidwe lenzi yachiwiri isanaganiziridwe. Chabwino chake n'chakuti zambiri zopanda kalilole, kuphatikizapo a6000 yomweyo, zimatchajidwa ndi chingwe cha USB monga foni, kotero sola ya panyumba imakwanira.

Kenaka fumbi. Aliyense wokhala ku Moatize akudziwa mmene nsalu yoyera imaonekera ikakhala pa chingwe tsiku limodzi mphepo ikuchokera ku mgodi. Mu 2018 anthu a m'mabairro oyandikana ndi mgodi anafika poimitsa ntchito kaamba ka fumbi lomweli. Pa kamera ya kalilole, mukachotsa lenzi sensa imakhala yobisika kumbuyo. Pa zambiri zopanda kalilole ili poyera, mamilimita osakwana 20 kuchokera pakhomo. Kachidutswa kamodzi ka malasha kakakhalapo, chithunzi chilichonse chidzakhala ndi dontho lakuda pamalo omwewo, mwina pa chipumi cha mkwatibwi. Sinthani lenzi m'nyumba, kamera itazimitsidwa ndiponso itayang'ana pansi. Musauzire ndi pakamwa, musapukute ndi chitenje. Pali kampope kamphira kopopera mphepo kamene kanapangidwira ntchito imeneyo. Pogula yakale, jambulani thambo chiboo chili pa 16 kapena 22, madontho onse adzaonekera.

Za kutentha tingonena mwachidule. Mabuku a kamera zambiri amati zinapangidwa kugwira ntchito mpaka madigiri 40, ndipo Tete mu Okutobala ndi Novembala amapitirira pamenepo. Kathupi kakang'ono kamatentha msanga, maka-maka pojambula kanema, ndipo kamazima kokha. Musakasiye padzuwa kapena pa dashibodi ya chapa.

Palinso bvuto limene silili m'mabuku. Anthu athu amakhulupirira kamera yaikulu. Wojambula akafika ndi kanthu kolingana ndi sopo wochapira, eni ukwati amayamba kunong'onezana kuti akulipiriranji chinthu chimene mwana wawo angachite ndi foni. Yankho lake ndi kuyenda ndi zithunzi zotsukidwa kale m'chikwama. Sensa ya kamerayo ndi yaikulu kangapo kuposa ya foni wamba, ndipo kusiyana kwake kumaoneka m'tchalitchi cha mdima komanso pamene chithunzi chakulitsidwa kuti chipachikidwe pakhoma.

CHIMENE CHIPANGA IKUTIKUMBUTSA

Ena anganene kuti zonsezi ndi nkhani za anthu a m'tauni. A ku Chipanga sanganene choncho. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale ya ku Brazil inasamutsa mabanja 1365 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kuti ikumbe malasha. Mabanja oposa 700 anapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, ndipo pafupifupi 300 anapita ku bairro la 25 de Setembro. Anasiya nyumba, minda, mitengo ya zipatso ndi mauvuni a njerwa. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za ming'alu ya nyumba ndi minda yosabereka, ndipo mu 2013 oumba njerwa anatsekanso njira zopita ku mgodi pa nkhani ya chipukuta misozi. Mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan.

Pa mikangano yotere funso limabwera limodzi-modzi: kodi pamalo paja panali chiyani? Mauvuni anali angati, mitengo inali yaikulu bwanji, khoma linang'ambika liti? Amene ali ndi chithunzi amakhala ndi poyambira, ndipo mwana wobadwira ku Cateme amatha kuona khonde limene agogo ake ankakhalapo. Malasha sanathe pansi pa boma lino, misewu ndi mizere ya magetsi zikudutsabe m'minda, ndipo kusamutsidwa kwa anthu si nkhani ya kale yokha. Wojambula wa m'mudzi, kupatula maukwati ndi maubatizo, ali ndi ntchito imeneyinso, ndipo kamera yaing'ono imene saiwala kunyumba chifukwa cha kulemera imamuyenera. Kamera iliyonse ya masiku ano imalemba m'kati mwa chithunzi tsiku ndi ola limene chajambulidwa, koma imalemba zimene wotchi yake ikunena. Ambiri saikonza wotchiyo, ndiye chithunzi cha chaka chino chimanena chaka chimene kamera inatuluka m'fakitale. Tsiku loyamba kuigwira, konzani deti. Ndipo zithunzi zofunika muzizitsukitsa pa pepala, n'kulemba kumbuyo malo ndi maina a anthu, pakuti kadi imafa mosachenjeza.

Dziko lathu lili ndi mbiri pa ntchito imeneyi. Malemu Ricardo Rangel, amene anabadwa mu 1924 namwalira mu 2009, anajambula moyo wa anthu wamba kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kuchokera mu 1983 anatsogolera sukulu yophunzitsa ojambula ku Maputo, Centro de Formação Fotográfica. Iye ndi anzake monga Kok Nam ankagwira ntchito ndi filimu ndi malenzi ozunguliza ndi dzanja, a mtundu womwewo umene tanena kuti ungathe kukhala m'sutikesi.

Kuchepa kwa kamera kusakhale chifukwa chojambulira anthu mobisa. Pa maliro pemphani kwa eni mbumba, ndipo pa Gule Wamkulu mawu a mfumu ndi akulu a dambwe ndiwo oyamba.

POFIKA PA CHIPATA

Amene akuyamba kumene ndipo ndalama zake n'zochepa, ine ndingamuuze kuti agule thupi ndi lenzi pamodzi, kwa munthu mmodzi, zitamangiriridwa kale. Asachite manyazi ndi kamera ya kalilole yakale ngati ili bwino: Canon inali itapanga kale malenzi a EF okwana 100 miliyoni pofika 2014, choncho sadzasowa pa msika, ndipo tsiku limene adzagule thupi lopanda kalilole malenziwo adzasamuka naye kudzera pa adaputa. Amene akufuna yopanda kalilole lero lomwe asankhe fuko limene likadali ndi moyo: Sony E, Canon RF, Nikon Z, Fujifilm X kapena Micro Four Thirds. Afunsenso kuti kamerayo yajambula kale zithunzi zingati, popeza chitseko chake cha m'kati chimatha monga matayala a njinga.

Wokugulirani atenge recibo yolembedwa dzina la sitolo ndi manambala a siriyo, ya thupi ndi ya lenzi, chifukwa chilichonse chili ndi yake. Pepala limenelo ndi limene a Alfândega angafune kuona pa Cuchamano kapena pa Zóbuè, ndipo ndi limene mudzapite nalo kupolisi kamera ikabedwa. Za msonkho funsani pa ofesi pomwepo, osati kwa anyamata osintha ndalama panja. Ndipo ngakhale manja akuyabwa bwanji, musayesere kamera yatsopano pa chipata cha malire, pamene pali apolisi ndi maofesi a boma. Muitulutse mutafika pa msika, pamene amayi a kabichi ndi mbatata adzakhala oyamba kukufunsani kuti chithunzi chimodzi ndi ma meticais angati, kapena makwacha angati.